Mutu 6: Mchere Ukagwera Pamoto

Madzulo ku Milange, dzuwa likapendeka n'kuyamba kufiiritsa phiri la Tumbine, m'nyumba zambiri miphika imakhala ili pamoto. Makala akakolera bwino pambaula, pamwamba pake pamavina kamoto kabuluu kovuta kukaona. Ndiye ndiwo zibwate mpaka msuzi kusefukira: pamamveka kuti tswii, kamoto kabuluu kaja n'kusanduka kachikasu chowala kwambiri, kenaka n'kubwerera mwakale. Wophika alibe nazo ntchito, iye akudandaula msuzi wake. Koma chikasu chimenecho sichisintha. Mchere wa mumsuziwo ukhale wochokera kugombe la ku Quelimane kapena wa m'paketi umene wawoloka ndi wakabaza pa Muloza, mtundu wa lawi ndi womwewo, lero, mawa ndi chaka chamawa. Mwana wa m'nyumba yomweyo masana anali m'kalasi akuloweza kuti sodiyamu ndi 2, 8, 1. Mnzake wa tsidya lina la malire, ku Mulanje, akuloweza zomwezo m'Chingerezi pamene uyu akuziloweza m'Chipwitikizi, ndipo onse awiri amaziyesa lamulo limene aphunzitsi anangolipeza m'buku. Mfundo ya mutu uno ndi yakuti manambala amenewa sanachite kupekedwa. Anthu anawawerenga m'kuwala, ndipo kuwala kumene anawerengamo ndi komwe kuja kwa msuzi wogwera pamakala. Kuphunzitsa kakhalidwe ka maelekitironi popanda kuonetsa kuwalako kuli ngati kupatsa munthu chigamulo cha mlandu umene mboni zake sanazimve.

Tiyambe ndi kuwala kwenikweniko. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo chimene diso limatcha mtundu ndi kutalika kwa funde limodzi. Mafundewa ndi aang'ono kotero kuti amayezedwa m'mananomita. Mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Kuwala kofiira kuli cha m'ma 700, kwa pepo cha m'ma 400, ndipo mitundu ina yonse ya utawaleza ili pakati pa ziwirizi. Kuwala kwa dzuwa kukagawika, kaya ndi madontho a mvula kaya ndi kumimba kwa CD yakale, mitundu imatsatana popanda mpata woonekera. Kuwala kwa mchere kukagawika sikutero. Pamangotuluka kamzere kamodzi kachikasu ka sodiyamu wa mumcherewo pa mananomita 589, kwina konseko mdima. Chida chabwino chimaonetsa kuti timizereto ndi tiwiri togundizana, koma tisathamangire. Amene anaika nkhaniyi m'malo mwake ndi Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff ku Heidelberg, m'dziko la Germany, cha m'ma 1859 ndi 1860. Iwo anapeza kuti elementi iliyonse ili ndi mizere yakeyake, monga momwe kale anthu a kuno ankadziwana mtundu ndi mphini za kumaso. Atangodziwa zimenezi anayamba kuona mphini zachilendo. Mu 1860 anatulukira siziyamu m'madzi a pakasupe, ndipo mu 1861 anatulukira rubidiyamu chifukwa cha mizere yofiira kwambiri imene inatuluka m'mwala wotchedwa lepidolite. Mwala umenewu ulinso m'chigawo chathu chino cha Zambezia, m'miyala ya ku Alto Ligonha. Chodabwitsa koposa chinadza mu 1868, pamene oyang'ana kuthambo anaona m'mphepete mwa dzuwa mzere wachikasu woyandikana ndi wa sodiyamu koma wosagwera pamalo pake. Norman Lockyer wa ku England ananena kuti imeneyo ndi elementi yosadziwika, n'kuitcha heliyamu. Ambiri anamukayikira, mpaka mu 1895 William Ramsay anaipeza pansi pompano, m'mwala wokhala ndi yureniyamu. Kwa zaka 27 elementi inali ndi dzina munthu asanaigwire, umboni wake uli kamzere ka kuwala basi.

Funso limene linavuta anthu kwa zaka zoposa 50 linali lakuti: bwanji mizere? Atomu yotenthedwa imalekeranji kutulutsa mitundu yonse? Yankho linadikira kuti m'kati mwa atomu mudziwike. J. J. Thomson anapeza elekitironi mu 1897. Mu 1909, ku Manchester, Hans Geiger ndi Ernest Marsden anawombera tizidutswa tolemera pa kapepala kopyapyala ka golide. Tambiri tinangopyola ngati palibe kanthu, koma towerengeka tinabwerera m'mbuyo. Ernest Rutherford anamasulira zimenezi mu 1911: pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kanthu kakang'ono kwambiri pakati, kotchedwa nyukiliyasi, ndipo kwinako ndi bwalo la maelekitironi. Nyukiliyasi ya haidrojeni ikanakhala ngati njere ya nyemba, atomu yonse ikanatambalala mamita mazana angapo. Koma chithunzichi chinali ndi bala. Malinga ndi zimene zinkadziwika nthawi imeneyo, elekitironi yozungulira nyukiliyasi inayenera kutaya mphamvu zake n'kugwera pakati m'kuphethira kwa diso, ndipo sipakanakhala mchere, mbaula kapena wophika. Pamenepa m'pamene ntchito ya mphunzitsi wina wa ku Basel inakhala yofunika. Mu 1885 Johann Balmer anaona kuti mizere inayi ya haidrojeni, ya pa 656, 486, 434 ndi 410, ikutsata masamu amodzi osavuta, ngakhale kuti chifukwa chake sanachidziwe. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Masamu a Balmer anadikira zaka 28 kuti apeze womasulira. Mu 1913 Niels Bohr wa ku Denmark anati elekitironi siingakhale paliponse pamene yafuna. Ili ngati munthu wa pamakwerero a nkhokwe: amaima pa sitepe iyi kapena iyo, pakati palibe popondapo. Moto ukaipatsa mphamvu imakwera, ndipo ikamatsika imabweza mphamvuyo ngati kaphukusi kamodzi ka kuwala, kamene timakatcha fotoni. Kutsika kwakutali kumapereka kuwala kwamphamvu, kopendekera kubuluu ndi pepo. Kutsika kwapafupi kumapereka kofiira. Popeza masitepe a elementi iliyonse anatalikirana mwanjira yakeyake, mizere yake ndi yakeyakenso. Bohr atawerengetsa masitepe a haidrojeni, manambala a Balmer anatuluka okha.

Tsopano tibwerere ku 2, 8, 1 uja. Atomu ya sodiyamu ili ndi maelekitironi 11, ndipo onsewo sangadzazane pa sitepe yapansi. Wolfgang Pauli anasonyeza mu 1925 kuti maelekitironi awiri sangafanane pa zonse m'atomu imodzi, choncho malo ndi owerengeka: sitepe yoyamba imatenga 2, yachiwiri 8, ndipo elekitironi yotsala imakhala yokhayokha pa sitepe yachitatu, kutali ndi nyukiliyasi. Wina akafunsa kuti tikudziwa bwanji kuti ndi imodzi yokha, umboni ulipo wachiwiri, wosadalira lawi. Kuchotsa elekitironi yoyamba pa sodiyamu kumafuna makilojulo 496 pa molo imodzi, koma kuchotsa yachiwiri kumafuna 4,562, kuwirikiza kasanu n'kanayi. Yoyamba ili ngati mango akupsa a panthambi yotsika, yachiwiri ili m'kati mwa mtengo. Elekitironi yakunja ija ndi imenenso imakwera ndi kutsika m'lawi n'kutipatsa chikasu cha 589. Klorini ndi 2, 8, 7: ikusowa imodzi kuti sitepe yake idzaze. Wina ali ndi chotsala, wina ali ndi chopereweza, ndipo malonda akachitika pamabadwa mchere wa m'ndiwo. Potaziyamu ndi 2, 8, 8, 1, nayonso ili ndi imodzi kunja, n'chifukwa chake khalidwe lake likufanana ndi la sodiyamu. Amayi amene amatcheza chidulo kuchokera ku phulusa la zitsononkho kapena makoko a nyemba kuti aphikire therere amakhala akusungunula mchere wa potaziyamu, womwewo umene mlimi amaufuna m'feteleza wina. Dmitri Mendeleev anaika maelementi awiriwa m'mzere umodzi wa ndandanda yake ya maelementi mu 1869 pongoona makhalidwe awo, elekitironi isanadziwike n'komwe. Kuti ndandanda yake, mizere ya m'lawi ndi mphamvu zochotsera maelekitironi zonse zikuloza chinthu chimodzi, ngakhale zinapezedwa ndi anthu osiyana pa nthawi zosiyana, ndiye chifukwa chachikulu chokhulupirira nkhaniyi. Mboni zitatu zimene sizinapangane zikanena chimodzi, bwalo limamva.

Chotsutsa choyamba chimene munthu wanzeru angabweretse n'chakuti palibe amene anaiona elekitironi ndi maso. Zimenezo n'zoona, ndipo mphunzitsi woona mtima asazibise. Koma mphepo ya chiperoni nayonso palibe anaiona. Timaona mitambo ikukwera kuchokera kumwera, mvula yowaza ndi anthu atafunda. Chinthu chosaoneka chimayesedwa ndi zimene chalosera. Pafupifupi makilomita 200 kuchokera ku Milange, ku Mocuba, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 40 amene anatsegulidwa mu 2019, ndipo pamadenga a malata ndi a udzu m'midzi yambiri ya m'boma lino pali tisola tochajira mafoni. Zonsezi zaima pa mfundo imene Albert Einstein analemba mu 1905, yakuti kuwala kumafika m'timaphukusi, ndipo kaphukusi kamodzi kamakankha elekitironi imodzi pokhapokha ngati kali ndi mphamvu zokwanira. Silikoni ndi 2, 8, 4, ndipo maelekitironi anayi akunjawo ndi omangika kwa anzawo oyandikana nawo. Opanga sola amathiramo pang'ono fosiforasi, amene ali ndi 5 kunja, mbali imodzi, ndi boroni, amene ali ndi 3, mbali inayo, kuti elekitironi yomasulidwa ndi kuwala ikhale ndi njira imodzi yolowera, njira yake ikhale waya. Apa pali ulosi woti aliyense angautsutse ngati uli wabodza. Kuwala kwa mafunde otalika kuposa mananomita pafupifupi 1,100 sikungamasule elekitironi m'silikoni, kuchuluke chotani. Anthu ambiri amati sola imadya kutentha kwa dzuwa, koma ikanakhala choncho bwenzi ikugwira ntchito pafupi ndi mbaula usiku. Zoona zake n'zakuti galasilo likatentha kwambiri, monga masana a mu Okutobala, mphamvu zake zimatsikako. Munthu wokana maelekitironi ayenera kutiuza chifukwa china chimene foni yake imadzazira ndi kuwala koma osati ndi kutentha.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba, ndipo chimachokera kwa ophunzira akhama. Iwo amati: chaka china mumatijambulitsa timikombero ta Bohr, chaka chotsatira mukutiuza kuti Bohr analakwa, n'kutipatsa 1s, 2s, 2p; nanga bodza loyambalo munatiphunzitsiranji? Tivomere. Masamu a Bohr amayenda bwino pa haidrojeni, koma pa heliyamu, imene ili ndi maelekitironi awiri okha, amaphonya. Mu 1926 Erwin Schrödinger anabwera ndi masamu ena amene sapatsa elekitironi kanjira kozungulira, koma dera limene ingapezekemo, ndipo anaonetsa kuti sitepe iliyonse ili ndi timasitepe m'kati mwake. Sitepe yachiwiri ija ya 8 ndi 2s yotenga 2 ndi 2p yotenga 6. Sitepe yachitatu imatha kutenga 18, osati 8 monga ana amalowezera poyamba, koma potaziyamu imaika elekitironi yake yomaliza mu 4s isanakhudze 3d, ndipo mkuwa ndi kromiyamu sizitsata ngakhale lamulo la kadzazidwe limene mabuku amapereka. Komabe kunena kuti Bohr ananama n'kupyola muyeso. Mapu a m'buku la sukulu amaonetsa msewu wa ku Mocuba ngati kamzere kosalala, opanda zigwembe ndi milatho, koma sakusocheretsani. Chimene Bohr ananena, chakuti mphamvu za elekitironi zili m'masitepe ndipo kuwala n'kusiyana kwa masitepe awiri, Schrödinger sanachigwetse, anachipatsa maziko. Cholakwika chili pa kaphunzitsidwe kamene kamapereka timikombero ngati chithunzi chojambulidwa ndi kamera. Ndipo maelementi osamvera lamulo aja ndiwo okoma kuwaphunzira. Miyala yofiira ya rube ya ku Montepuez, m'chigawo cha Cabo Delgado, ndi aluminiyamu ndi okosijeni chabe, zinthu zopanda mtundu. Kufiirako kumadza ndi kromiyamu pang'ono, amene maelekitironi ake a mu 3d amameza kuwala kobiriwira ndi kwa pepo n'kusiya kofiira. M'mwala wa mtundu womwewo mukalowa chitsulo ndi titaniyamu m'malo mwa kromiyamu, mumapeza safaya wabuluu. Anthu amafera m'maenje chifukwa cha kusiyana kwa masitepe a maelekitironi ochepa.

Chotsutsa chachitatu ndi cha makolo, ndipo sichiyenera kunyozedwa. Mwana wa mlimi wa chimanga ndi nandolo, amene mawa adzakankha matumba panjinga kupita nawo pa Muloza, adzadya 1s ndi 2p? Ndipo sukulu zopanda labotale zingaphunzitse bwanji zinthu zotere? Mbali yachiwiriyi ndi yosavuta kuyankha, chifukwa pa maphunziro onse a kemisitiri, limeneli ndi limodzi mwa otsika mtengo. Pamafunika lawi labuluu, la makala okolera kapena la sipiriti, uzitsine wa mchere, kawaya ka mkuwa kochita dzimbiri lobiriwira, ndi CD yotha ntchito. Mchere upereka chikasu, mkuwa upereka kubiriwira. Mukayang'ana kandulo kumimba kwa CD muona utawaleza wosaduka, pakuti chikasu cha kandulo ndi cha nkhuni ndi mwaye woyaka, osati masitepe a atomu imodzi. Mukayang'ana babu la chubu kapena lopotana lija losadya magetsi ambiri, utawaleza uduka m'zigawo, chifukwa m'menemo muli mekyule ndi ufa wonyezimira umene uli ndi mizere yakeyake. Pali malire amene tiyenera kuwanena. Chidulo chingapereke pepo wotuwa wa potaziyamu, koma kawirikawiri sodiyamu wochepa chabe amaphimba zonse ndi chikasu chake, ndipo ngakhale thukuta la m'zala ndi lokwanira kuwononga mayeso. Kulephera kotereku ndi phunzironso, pakuti n'chifukwa chomwecho Bunsen anasiya kudalira diso lokha n'kuyamba kugawa kuwala.

Mbali yoyamba ija, ya kudya, yankho lake lili pansi pa nthaka. Zambezia ndi dera la miyala: tantalaiti wakumbidwa ku Morrua ndi ku Marropino, ndipo tsidya la Malawi, pa phiri la Songwe m'boma la Phalombe, kampani ya Mkango Resources yakhala ikufufuza maelementi osowa amene amalowa m'maginito ndi m'mababu. Ogula miyala ena masiku ano amayenda ndi kachida kokhala ngati mfuti yachidole. Akakaloza pamwala, kamawombera ma X-ray amene amachotsa elekitironi ya pa sitepe ya m'kati. Ina ya pamwamba imatsika kudzatseka mpatawo, n'kutulutsa kuwala kosaoneka ndi maso kumene kamakinako kamawerenga. M'masekondi ochepa pagalasi pamatuluka maina a maelementi ndi kuchuluka kwake. Maziko a zimenezi anayalidwa ndi Henry Moseley mu 1913, chaka chomwecho cha Bohr, ndipo mfundo yake ndi yomwe ija ya msuzi pamakala. Sitikunena kuti kudziwa 2, 8, 1 kudzakweza mtengo wa mwala. Mitengo imapangidwa kutali, ndi anthu amene sanafikepo ku Milange. Koma pa malonda amene mmodzi akuwerenga galasi ndipo winayo akungoyang'ana nkhope ya wowerengayo, tonse tikudziwa amene amapita kwawo akumwetulira. Dziko limene ana ake sadziwa kuwerenga kuwala kwa miyala yake lidzapitiriza kufunsa mlendo kuti amuuze chimene chili m'munda mwake. Chimodzimodzinso mnyamata wolumikiza masola, woyeza nthaka ya m'minda ya tiyi, ndi namwino wa m'chipinda cha X-ray: onsewa ntchito yawo ili pa masitepe a maelekitironi, adziwe asadziwe.

Kwa aphunzitsi a mbali zonse ziwiri za malire, pempho ndi lakuti dongosolo litembenuzidwe. Lawi liyambe, manambala atsatire. Ana aone chikasu kaye, afunse okha kuti bwanji chikasu osati kufiira, ndipo makwerero a Bohr adze ngati yankho la funso limene lafunsidwa kale. Mawu akhale a Chichewa, Chilomwe kapena Chimarenje pofotokoza, a Chipwitikizi kapena Chingerezi polemba mayeso, elekitironi siisintha. Inu owerenga musadikire sukulu. Madzulo ano, makala akakolera, wazani kamchere pang'ono pa kamoto kabuluu kaja ndipo muyang'anitsitse. Waya wa mkuwa muyambe mwamusenda pulasitiki, chifukwa utsi wake ndi woipa m'chifuwa, ndipo CD ija musayang'anire nayo dzuwa.